Maria Callas ndi Mtengo wa Mawu Ake

Oimba opera otchuka alipo ambiri, koma ndi owerengeka amene dzina lawo linatuluka m'nyumba za zisudzo n'kukafika kwa anthu amene sanamvepo opera ngakhale kamodzi. Maria Callas ndi mmodzi wa owerengekawo. Anabadwa mu 1923, anamwalira mu 1977 ali ndi zaka 53, ndipo nthawi imene mawu ake anali pachimake sinapitirire kwenikweni zaka khumi. Koma mpaka lero zimbale zake zikugulidwabe, mafilimu a moyo wake akutulukabe, ndipo mu 2023 dziko la Greece linadinda nkhope yake pa ndalama yachitsulo ya 2 euro pokumbukira kuti patha zaka 100 chibadwire chake.

Anthu amamudziwa pawiri. Akatswiri a nyimbo amamudziwa ngati mkazi amene anasintha kaimbidwe ka opera. Owerenga manyuzipepala ankamudziwa ngati mayi wamtima wapachala, wosiya sewero pakati, wokangana ndi mabwana, amene anathawa banja kutsata mpondamatiki n'kukasiyidwa padzuwa. Mbiri ziwirizi n'za munthu mmodzi, ndipo pali chinthu chimene chimazilumikiza. Kuyambira ali kamtsikana mpaka atamwalira, pafupifupi aliyense amene anamuyandikira ankadya za pakhosi pake: mayi ake, mwamuna wake, eni nyumba za zisudzo, atolankhani. Mwiniwake ankazidziwa, ndipo zambiri zimene anachita, zanzeru ndi zopanda nzeru zomwe, zimamveka tikakumbukira mfundo imeneyi.

Ntchito ya woimba opera

Opera ndi sewero limene mawu ake amaimbidwa m'malo molankhulidwa. Inayambira ku Italy cha m'ma 1600, ndipo nkhani zake zambiri n'za chikondi, nsanje, kubwezera ndi imfa. Woimba amavala zovala za munthu wa m'nkhaniyo, amayenda, amagwada, amalira, amafa, zonsezo akuimba, mwina kwa maola atatu. Kutsogolo kwa siteji, pamalo olowa pansi, pamakhala gulu lalikulu la oimba ndi zida, ndipo m'nyumba ngati La Scala ya ku Milan mumalowa anthu pafupifupi 2,000. Woimbayo alibe maikolofoni. Mawu ake ayenera kudutsa pamwamba pa malipenga, mavayolini ndi ng'oma n'kukamveka kwa munthu wa mzere womaliza, ngakhale pamene akuimba motsitsa.

Mawu amagawidwa monga mu kwaya ya kutchalitchi: sopulano, aluto, tena, besi. Koma mu opera asopulano ali pamitundu. Pali a mawu olemera ndi amphamvu, oyenera nyimbo za Richard Wagner, ndipo pali a mawu opepuka, othamanga ndi okwera kwambiri, oyenera nyimbo za Vincenzo Bellini ndi Gaetano Donizetti. M'nthawi ya Callas lamulo linali lakuti munthu asankhe mbali imodzi, chifukwa akasakaniza awononga khosi.

Mwana amene sankamuyembekezera

Makolo ake, George ndi Evangelia Kalogeropoulos, anali Agiriki amene anasamukira ku New York mu 1923, atangotaya mwana wawo wamwamuna, Vassilis. Evangelia anakwera sitima ali woyembekezera, ndipo anatsimikiza mumtima kuti abereka mwana wamwamuna wolowa m'malo mwa womwalirayo. Pa 2 Disembala anabereka mtsikana. Nkhani ya m'banjamo imati anatha masiku anayi osafuna n'komwe kumuyang'ana.

Bambo ake anali wogulitsa mankhwala. Anafupikitsa dzina la banja kuti Amereka asamavutike nalo, n'kukhala Callas, ndipo sitolo yawo inagwa pa mavuto a zachuma a mu 1929. M'nyumbamo munalibe mtendere. Mkulu wake wa Maria, Jackie, anali wowonda ndi wokongola, ndipo ndiye anali wapamtima pa mayi awo. Maria anali wonenepa, wa ziphuphu, wovala magalasi ochindikala chifukwa sankaona patali. Chinthu chimodzi chokha chinkachititsa mayi ake kumutembenukira, ndicho mawu. Evangelia atazindikira kuti mwanayo amaimba, anayamba kumukokera ku mipikisano ya ana, ya pa wailesi yomwe. Atakula, Callas ankanena mobwerezabwereza kuti analandidwa ubwana wake, ndipo kuti kunayenera kukhala lamulo loletsa makolo kugwiritsa ana ntchito motero.

Mu 1937 banja linapasuka. Evangelia anatenga ana ake awiri kubwerera ku Athens, bambo n'kutsala ku America.

Sukulu ndi nkhondo ku Athens

Maria anali ndi zaka 13, zosakwana kulowa sukulu ya nyimbo, choncho mayi ake anamuwonjezera zaka. Anayamba ndi mphunzitsi Maria Trivella, ndipo mu 1939 anapita kwa Elvira de Hidalgo, sopulano wa ku Spain amene anaimbapo m'nyumba zikuluzikulu za ku Ulaya ndi ku America. Mayi ameneyu ndiye anaumba Callas. Anamva mawu aakulu, olemera, osaweteka, koma m'malo mowasiya kuti azingobangula, anawaphunzitsa kaimbidwe kakale ka ku Italy kotchedwa bel canto: kuthamanga m'manotsi ang'onoang'ono popanda kuterereka, kunjenjemeretsa mawu mwadala pakati pa manotsi awiri, kukoka mzere wautali ndi mpweya umodzi. Zimenezi kawirikawiri ankaphunzira ndi a mawu opepuka okha.

Khama lake linkadabwitsa. Ankafika pasukulu 10 koloko m'mawa n'kuchoka ndi wophunzira womaliza. Nthawi yake ikatha ankakhalabe pakona, kumvetsera maphunziro a anzake, a amuna omwe, poti ankati ngakhale woimba wosatha kwenikweni angakhale ndi kanthu kamene iwe ulibe. Kunyumba kunalibe chomukoka kuti afulumire.

Mu Epulo 1941 asilikali a Germany analowa mu Athens, ndipo m'nyengo yozizira yotsatira njala inapha anthu zikwizikwi mumzindawo. Callas anakulira m'zimenezi. Analembedwa ntchito ku opera ya dziko la Greece, anaimba Tosca mu 1942 ali ndi zaka 18, ndipo mu 1944 anaimba Fidelio ya Beethoven m'bwalo lakale la Herodes Atticus, munsi mwa Acropolis. M'gulu la omvera munkakhala asilikali a Italy ndi a Germany, ndipo kuimbako kunkabweretsa chakudya pakhomo. Nkhondo itatha, zimenezi pamodzi ndi nsanje ya oimba anzake zinamutsekera njira. Mu Seputembala 1945 anakwera sitima kubwerera kwa bambo ake ku New York.

Masiku ochepa a ku Venice

Ku America anakhala pafupifupi zaka ziwiri wopanda ntchito yooneka. Pothedwa nzeru anasaina pepala ndi loya wina, Eddie Bagarozy, lomupatsa gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zimene adzapeze m'tsogolo. Kampani ya opera imene Bagarozy ankakonza ku Chicago inagwa isanaimbe ndi kamodzi komwe, koma pepalalo linatsala.

Mwayi unachokera ku Italy. Mu Ogasiti 1947 anaimba La Gioconda m'bwalo lakale la Aroma ku Verona, ndipo kumeneko anakumana ndi amuna awiri amene anagwira moyo wake. Woyamba anali Tullio Serafin, wotsogolera oimba wachikulire, amene anakhala mlangizi wake. Wachiwiri anali Giovanni Battista Meneghini, mwini fakitale ya njerwa, wamkulu kwa iye ndi zaka zoposa 25. Anakwatirana pa 21 Epulo 1949. Meneghini anasiya bizinesi ya kwawo n'kukhala manijala wa mkazi wake. Anamupatsa nyumba ndi mtendere umene anali asanaulawepo, komanso anali wouma pa nkhani ya malipiro, moti eni nyumba za zisudzo ankadana naye, chidanicho n'kugwera pa mkazi.

Chimene chinamutchukitsa chinachitika mu Januwale 1949 ku La Fenice, nyumba ya opera ya ku Venice. Callas anali kuimba Brünnhilde mu Die Walküre ya Wagner, imodzi mwa mbali zolemera kwambiri zimene sopulano angaimbe. Ndiye Margherita Carosio, amene anayenera kuimba Elvira mu I puritani ya Bellini masiku ochepa otsatira, anadwala. Serafin anauza Callas kuti aimbe ndi iyeyo. Callas anakana: mbaliyo sankaidziwa, ndipo anali asanamalize Wagner. Serafin sanasunthike. Pasanathe sabata, akuimbabe Wagner, anaphunzira opera yonseyo, ndipo pa 19 Januwale anaiimba. Kwa odziwa nyimbo zinali ngati munthu amene dzulo amaswa miyala ndi hamala, lero wakhala pansi akupeta nsalu ndi singano, ndipo zonse ziwiri wazitha. Italy yense anamva za iye. Pa 7 Disembala 1951 anatsegulira nyengo ya zisudzo ku La Scala ndi I vespri siciliani ya Verdi, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri nyumba imeneyi inakhala ngati kwawo.

Chimene anasintha

Mawu a Callas sanali okoma monga mmene anthu ankatanthauzira kukoma. Pansi anali akuda ndi aukali, pakati ankamveka ngati ophimbika, pamwamba nthawi zina ankabaya khutu. Ena atangomumva koyamba ankanyansidwa. Koma munthu ukawamva kamodzi sungawasokoneze ndi a wina, ndipo iye ankatha kuwasintha mtundu malinga ndi munthu amene akumuimba: kamtsikana koyenda m'tulo mu La sonnambula, mkazi wopha ana ake mu Medea, mkazi wodwala chifuwa chachikulu mu La traviata. M'gawo lomaliza la La traviata ankachepetsa mawu mwadala kuti amveke odwala, ndipo ena mwa omvera ankaganiza kuti watopa, osadziwa kuti ndi zimene anazikonzekera kwa miyezi.

Iye asanabwere, maopera ambiri a Bellini, Donizetti ndi Rossini ankaonedwa ngati mwayi wongoonetsera kuti sopulano angakwere pati, ndipo ena anali ataiwalika. Callas anaonetsa kuti m'manotsi othamangawo muli mantha, misala ndi ukali. Anadzutsa Medea ya Cherubini mu 1953, Anna Bolena mu 1957 ndi Il pirata mu 1958. Norma ya Bellini, imene oimba ambiri amaiopa, anaiimba pafupifupi ka 90. Oimba otsatira monga Joan Sutherland, Montserrat Caballé ndi Beverly Sills anapeza njira yolambulidwa kale.

Zonsezi zinkachokera m'thukuta. Ankafika pokonzekera anzake asanafike, ndipo pamene oimba ena otchuka ankangong'ung'udza kuti asunge khosi, iye ankaimba ndi mawu onse. Popeza pa siteji sankavala magalasi, wotsogolera oimba sankamuona bwino. Choncho ankaloweza nyimbo yonse, mbali za anzake zomwe, komanso malo a masitepe, mipando ndi zitseko. Serafin anamuphunzitsa kuti akafuna kudziwa koika dzanja kapena nthawi yotembenuka, amvetsere nyimbo, chifukwa wolembayo anaziika kale mmenemo. Ndi Luchino Visconti, katswiri wa mafilimu amene anamukonzera maopera asanu ku La Scala, anafika posintha maonekedwe a sewero lenilenilo. Mu La traviata ya mu 1955, alendo a m'nkhaniyo atabalalika, Violetta wa Callas anakhala pansi motopa, namasula tsitsi, navula nsapato n'kuzikankhira kutali, kenaka n'kuyamba nyimbo yake yaikulu. Anthu a ku Milan anali asanaonepo woimba wamkulu akuchita ngati munthu wamba amene phwando lamutopetsa.

Thupi latsopano

Pakati pa 1953 ndi 1954 Callas anachotsa makilogalamu pafupifupi 36. Ankati thupi linkamulemera pa siteji, ndipo sankafuna kuimba mkazi wofa ndi chifuwa chachikulu ali ndi masaya odzaza. Akuti ankasirira Audrey Hepburn, amene filimu yake ya Roman Holiday inatuluka mu 1953. Iye ankafotokoza kuti anangosintha zakudya, n'kumadya nyama yowotcha ndi masamba. Anthu sanakhutire. Inabuka mphekesera yakuti anameza dala njoka ya m'mimba, ndipo kampani ina ya pasta ku Rome inalengeza kuti anawonda chifukwa chodya pasta wawo, mpaka Callas anaisumira kukhothi.

Telala wotchuka wa ku Milan, Biki, anayamba kumusokera zovala, ndipo mtsikana wa magalasi uja anasanduka mmodzi wa akazi ojambulidwa kwambiri ku Ulaya. Pa siteji kuwondako kunamupatsa ufulu wosewera. Kunja kwa siteji kunamubweretsera anthu atsopano, amene sankasamala za Bellini koma ankafuna kudziwa chimene wavala, amene wadya naye ndi amene wamutukwana. Walira mvula walira matope.

Nyalugwe wa m'manyuzipepala

Mu Novembala 1955 ku Chicago, atangomaliza kuimba Madama Butterfly, akadali m'zovala za Chijapani, munthu wa kukhothi anamutulukira kuseri kwa siteji ndi chisamani cha mlandu wa pepala la Bagarozy lija. Wojambula anamutola ali kukamwa yasa, maso ali psu, akukalipira munthuyo. Chithunzicho chinazungulira dziko lonse, ndipo atolankhani anayamba kumutcha nyalugwe. Ochepa anafunsa kuti munthu angatani atapanikizidwa motero, mphindi zochepa atangodzipha pa siteji.

Mu Okutobala 1956, atatsala pang'ono kuimba koyamba ku Metropolitan Opera ya ku New York, magazini ya Time inamuika pachikuto. M'katimo munali nkhani ya mayi ake, amene anali asanaonane nawo chichokere ku Mexico mu 1950, ndiponso kalata imene ankati Callas anawalembera yowakaniza ndalama ndi mawu owawa. Kwa Amereka anakhala mwana wotaya make. Sanagwirizanenso ndi mayi akewo mpaka imfa, ndipo mu 1960 Evangelia anatulutsa buku lonena za mwana wakeyo.

Panalinso mpikisano wake ndi Renata Tebaldi, sopulano wa ku Italy wa mawu osalala ndi ofewa. Awiriwa anaponyeranadi mawu, koma amene anakoleza moto anali atolankhani ndi owatsatira, amene ankagawana mipando ya m'mwamba ku La Scala n'kumakuwizana. Tsiku lina wina anaponyera Callas ndiwo zamasamba m'malo mwa maluwa, iye n'kuzitola, n'kuwerama pothokoza. Mu 1968 akazi awiriwa anakumbatirana kuseri kwa siteji ku Metropolitan.

Mu 1957 ku Edinburgh anagwirizana ndi La Scala zoimba La sonnambula kanayi. Akuluakulu analengeza kachisanu. Iye anakana, nati watopa, koma analakwitsa popita ku Venice ku phwando la mtolankhani Elsa Maxwell, amene sanachedwe kudzitama nazo. Anthu anangomva zakuti wathawa ntchito kukavina.

Chachikulu chinachitika ku Rome pa 2 Januwale 1958. Anayenera kuimba Norma pamaso pa mtsogoleri wa dziko la Italy, Giovanni Gronchi, ndipo seweroli linkaulutsidwa pa wailesi. Dzulo lake anadzuka khosi litatupa, mawu atasasa. Anauza akuluakulu kuti apeze wina, koma iwo analibe womulowa m'malo ndipo anamukakamiza. Anaimba gawo loyamba, ena akumukuwiza, ndipo analephera kupitiriza. Omvera anadikira nthawi yaitali, kenaka anauzidwa kuti azipita. Khamu linasonkhana panja pa hotela yake likutukwana, manyuzipepala anati wanyoza dziko, nkhani inafika mpaka ku nyumba ya malamulo. Akuluakulu a opera anamuletsa kuimba masiku otsalawo, n'kuika Anita Cerquetti. Callas anasuma, ndipo khothi linagamula momukomera mu 1971, patatha zaka 13, anthu atagamula kale zawo.

Chaka chomwecho anasemphana ndi Antonio Ghiringhelli, mkulu wa La Scala, ndipo mu Novembala Rudolf Bing wa ku Metropolitan anamuchotsa ntchito ndi telegalamu, atakangana pa ndondomeko yomuimbitsa mosinthanasinthana Macbeth ndi La traviata, mbali yolemera ndi yopepuka. Telegalamuyo inamupeza ku Dallas tsiku loimba Medea, ndipo usiku umenewo anaimba ndi ukali umene ukumvekabe pa chimbale.

Tisamuyeretse mopitirira. Callas anali ndi lilime lakuthwa, sankaiwala womulakwira, ndipo ankadziwa mtengo wake. Koma milandu imeneyi tikaiunika umodzi umodzi timapezamo matenda, mapangano ophwanyidwa ndi khosi limene linayamba kutopa. Nkhani ya mkazi wolusa inkagulitsa nyuzipepala kuposa nkhani ya mkazi wodwala.

Onassis

Ku phwando la ku Venice lija ndi kumene anakumana ndi Aristotle Onassis, Mgiriki mnzake, mwini sitima zambiri zapanyanja, mmodzi wa anthu olemera kwambiri panthawiyo. Mu Julayi 1959 Onassis anaitana Callas ndi Meneghini pa ulendo wa pa sitima yake yosangalalira, Christina, pamene panalinso Winston Churchill ndi mkazi wa Onassis, Tina. Pomwe sitima inkabwerera, mabanja awiri anali atasweka.

Anthu ambiri amadabwa kuti mkazi waluso chotero anaona chiyani mwa munthu amene opera sankaikonda n'komwe. Mwina yankho lili pomwepo. Mayi ake ankafuna kuti aimbe, mwamuna wake ankasunga buku la masiku oimba ndi malipiro, omvera ankafuna notsi yapamwamba usiku uliwonse. Onassis sankafuna ndalama zake kapena nyimbo zake. Ankalankhula naye Chigiriki, ankasambira naye, ankamutengera kovina. Callas, ali ndi zaka 35, anauza atolankhani poyera kuti akufuna kukhala moyo ngati mkazi wina aliyense. Koma Onassis nayenso anali ndi chake chimene ankafuna, ndicho dzina. Ankakonda kuzunguliridwa ndi anthu otchuka, ndipo Callas anali wotchuka kuposa akazi ambiri pa dziko.

Anachepetsa kuimba. Mu 1960 ndi 1961 anaimba Norma ndi Medea m'bwalo lakale la Epidaurus ku Greece, koma mu 1963 sanaimbe opera pa siteji ndi imodzi yomwe. Tina anasudzulana ndi Onassis mu 1960, koma Callas sakanatha kusudzulana ndi Meneghini, chifukwa malamulo a Italy panthawiyo sankalola kuthetsa ukwati. Mu 1966 Callas anasiya unzika wa America n'kutenga wa Greece, chifukwa malamulo a kumeneko sankavomereza ukwati wa Mgiriki womangidwa kunja kwa mpingo wa Orthodox. Potero anamasuka kwa Meneghini. Onassis sanamukwatire. Pa 20 Okutobala 1968 anamanga ukwati pa chilumba chake cha Skorpios ndi Jacqueline Kennedy, mkazi wamasiye wa mtsogoleri wa America. Pasanapite nthawi yaitali anayambanso kufika pakhomo pa Callas ku Paris, ndipo anapitiriza kuonana mpaka pamene Onassis anamwalira mu Malichi 1975.

Mawu anapita kuti?

Nkhani yosavuta imati Onassis ndiye anapha mawu a Callas. Zimbale zimatsutsa. Kugwedera kwa manotsi apamwamba kukumveka kale m'zojambulidwa za pakati pa zaka za m'ma 1950, iye asanakwere Christina. Ena amaloza kuwonda kofulumira, kumene kunasintha mmene thupi linkagwirira mpweya. Ena amaloza mbali zolemera zimene anaimba ali wamng'ono, komanso chizolowezi chake chosasunga mawu. Mu 2010 madokotala awiri a ku Italy, Franco Fussi ndi Nico Paolillo, ananena kuti mwina ankadwala matenda ofoola minofu otchedwa dermatomyositis. Mwiniwake ankati chimene chinamuthawa ndi mphamvu ya mpweya ndi kulimba mtima. Tikaona mndandanda wa zaka, n'zotheka kuti sanasiye siteji chifukwa cha Onassis yekha, koma anapeza mwa Onassis pothawira siteji imene inayamba kumuopsa.

Mu Januwale 1964 Franco Zeffirelli anamubweza ku Covent Garden ku London ndi Tosca, akuimba ndi Tito Gobbi. Anthu anagona panja m'chisanu kudikira matikiti. Mawu anali atachepa, koma sewero linali lakuya kuposa kale. Mu Meyi 1965 ku Paris analephera kumaliza Norma, ndipo pa 5 Julayi 1965 anaimba Tosca ku London pamaso pa Mfumukazi Elizabeth II. Imeneyo inali opera yake yomaliza. Anali ndi zaka 41.

Zaka zomaliza ndi zimene anasiya

Anayesa njira zina. Mu 1969 anasewera mu filimu ya Pier Paolo Pasolini ya Medea, mmene sanaimbe. Mu 1971 ndi 1972 anaphunzitsa oimba achinyamata pa sukulu ya Juilliard ku New York, ndipo zojambulidwa za maphunzirowo zimaonetsa munthu wosiyana ndi nyalugwe uja: mphunzitsi wodekha, woumirira pa kupuma, pa katchulidwe ka mawu ndi pa kulemekeza zimene wolemba nyimbo analemba. Mu 1973 tena Giuseppe di Stefano, mnzake wakale, anamunyengerera kuti azungulire dziko akuimba. Maholo ankadzaza, anthu ankawomba m'manja mpaka kalekale, koma onse ankamva kuti mawu aja kulibenso. Anaimba komaliza ku Sapporo, ku Japan, pa 11 Novembala 1974.

Kenaka imfa zinatsatizana: Onassis ndi Pasolini mu 1975, Visconti mu 1976. Callas anadzitsekera m'nyumba yake pa Avenue Georges Mandel ku Paris, ndi antchito ake awiri ndi tiagalu take. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 16 Seputembala 1977. Thupi lake linawotchedwa, ndipo mu 1979 phulusa linamwazidwa m'nyanja ya Aegean. Chuma chake chinagawidwa pakati pa Meneghini ndi mayi ake, anthu awiri amene iye anawachoka. Meneghini nayenso analemba buku lonena za iye, ndipo pambuyo pake mkulu wake Jackie analemba lake.

Chodabwitsa n'chakuti mkazi amene anajambulidwa zithunzi zosawerengeka pa mabwalo a ndege, m'mahotela ndi pa sitima alibe opera ndi imodzi yomwe yojambulidwa pa filimu yathunthu. Makamera ankamutsata kulikonse kupatula kumene ankagwira ntchito. Chimene chilipo ndi makonsati angapo ndi gawo lachiwiri la Tosca, lojambulidwa ku Paris mu 1958 ndi ku London mu 1964. Zotsalazo n'za khutu: zimbale za kampani ya EMI, monga Tosca ya mu 1953 yotsogoleredwa ndi Victor de Sabata, ndi masewero ojambulidwa pa wailesi monga La traviata ya ku Lisbon ya mu 1958.

Komabe ntchito yake ikuonekera kwambiri pa zimene nyumba za opera zikuimba masiku ano. Metropolitan Opera inaimba Anna Bolena koyamba mu 2011, potsegulira nyengo yake ya zisudzo. Mu 2022 inatsegulira ndi Medea, imenenso inali isanaimbidwepo m'nyumbayo. Maopera awiriwa akanakhalabe m'mashelefu pakanapanda Callas, ndipo nyumba imene inawalandira mochedwa choteroyo ndi yomwe inamuchotsa ntchito mu 1958.